Mafunso a Owerenga: Ankhoswe a mu Ubongo

Mwezi uno thumba la makalata ladzaza ndi nkhani za ubongo. Eni makalatawa sakudziwana, wina ali m'kalasi, wina akudwazika bambo ake, koma mafunso awo akukumana pa selo limodzi limene ambirife sitinalimvepo kusukulu: astrocyte. Ndi limodzi mwa ma glia, maselo othandizira ma neuron, amene ndi maselo otumiza uthenga mu ubongo. Tasankhapo asanu ndi awiri. Ena tawafupikitsa, ndipo mayina tawasunga monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Biology kusekondale. Buku lathu lili ndi masamba angapo a ma neuron, koma za ma glia lili ndi mzere umodzi. Ndinamva kuti ma glia ndi ochuluka kakhumi kuposa ma neuron. N'zoona? Nanga astrocyte n'chiyani?
Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, "kakhumi" ameneyo mumufufute m'manotsi. Nambalayi inayenda m'mabuku zaka zambirimbiri, wina kukopera kwa mnzake, popanda wokhala pansi n'kuwerenga. Mu 2009 gulu la Suzana Herculano-Houzel ku Brazil linatenga ubongo wa anthu anayi omwalira, n'kuusungunula mpaka kukhala ngati phala lamadzimadzi, kenako n'kuwerenga ma nucleus (phata la selo lililonse) a maselo m'timadontho toyezedwa bwino. Linapeza ma neuron pafupifupi 86 biliyoni ndi maselo ena onse pafupifupi 85 biliyoni. Chimene chimasiyana ndi malo. Mu cerebellum, chigawo cha kunkhongo chija, mwathinana ma neuron pafupifupi 69 biliyoni ndipo ma glia ndi ochepa. Mu cortex, khungwa lopindikapindika la pamwamba pa ubongo, maselo ena aja amaposa ma neuron pafupifupi kanayi. Komanso ma glia ali m'mitundu: mu cortex ya munthu ma astrocyte ndi pakati pa 20 ndi 40 peresenti ya ma glia onse, ochuluka ndi ma oligodendrocyte amene amakuta minyewa ndi mafuta, ndipo ochepa ndi ma microglia, asilikali a mu ubongo.

Dzina loti glia ndi la Chigiriki, tanthauzo lake ulimbo. Analitchula ndi Rudolf Virchow wa ku Germany mu 1856, poganiza kuti zimenezi n'zomatira chabe zoti minyewa isamwazike. Loti astrocyte, selo la nyenyezi, linabwera m'zaka za m'ma 1890 kuchokera kwa Mihály Lenhossék wa ku Hungary. Mayina onse awiri anasocheretsa anthu. Utoto wogwira puloteni ya GFAP, umene akatswiri amaudalira mpaka lero, umangoonetsa nthambi zikuluzikulu, pafupifupi 15 peresenti ya thupi la selo. Mukalidzaza lonse ndi utoto, nyenyezi ija imasowa, mumaona chinkhupule cha tinthambi tosawerengeka tolowerera paliponse pamene pali mpata.

Astrocyte iliyonse ili ndi munda wake, ndipo imangokumana ndi inzake m'malire. Mu hippocampus ya khoswe, chigawo cha ubongo chofunika pa kukumbukira, munda umodzi wotere uli ndi ma synapse, malo okumanirana ma neuron, pafupifupi 140,000. Ya munthu ndi yaikulu kuposa ya mbewa kawiri ndi theka m'lifupi mwake, nthambi zake zikuluzikulu n'zochuluka kakhumi, ndipo munda wake ungafike ma synapse 2 miliyoni. Nthambi zina zimathera pa timitsempha ta magazi n'kutikuta ngati mapazi oponda paipi. Apa pali msampha wa pamayeso: mpanda umene umatchinga zoipa za m'magazi kuti zisalowe mu ubongo amaumanga ndi maselo a khoma la mtsempha weniweniwo, olumikizana mothina. Mapazi a astrocyte amausamala ndi kuulimbitsa mpandawo.

FUNSO: Tinaphunzira kuti astrocyte situmiza uthenga wamagetsi ngati neuron. Ndiye imasintha bwanji zimene neuron ikuchita? Ndifotokozereni mwandondomeko chonde.
Wophunzira za udokotala, Lilongwe

YANKHO: Tiyambire pa synapse, pamene ma neuron awiri amakumana. Sakhudzana ayi. Pakati pawo pali kampata ka ma nanometre pafupifupi 20, ndipo mu milimita imodzi muli ma nanometre 1 miliyoni. Uthenga wamagetsi ukafika kumapeto kwa neuron yotumiza, timakomo ta kashiamu timatseguka, kashiamu amalowa, ndipo timatumba todzaza glutamate, mankhwala onyamula uthenga, timakhuthulira m'kampatamo. Glutamate amaoloka n'kukakhala pa ma receptor (timalo tolandirira uthenga) a neuron yolandira. Mabuku ambiri amathera pamenepa, ngati kuti glutamate akatha ntchito amangouluka.

Sauluka. Acetylcholine, mankhwala ena onyamula uthenga, ali ndi enzyme (puloteni yosintha mankhwala) yomuphwanyira pomwepo, koma glutamate alibe. Ayenera kunyamulidwa, ndipo wonyamula wamkulu ndi astrocyte. Pa tinthambi take pali mapampu awiri, GLT-1 ndi GLAST, amene mwa munthu amatchedwa EAAT2 ndi EAAT1. Pampu ikamalowetsa glutamate mmodzi imalowetsanso sodiyamu atatu ndi hydrogen mmodzi, n'kutulutsa potaziyamu mmodzi. Mphamvu yake imachokera pa kuchepa kwa sodiyamu mkati mwa selo, choncho pampu ina, ya sodiyamu ndi potaziyamu, iyenera kumatulutsa sodiyamuyo mosalekeza, ndipo imeneyo imadya ATP, chonyamula mphamvu cha mu selo. Mkatimo enzyme ya glutamine synthetase imaphatikiza glutamate ndi amoniya n'kupanga glutamine, amene satakasa neuron. Glutamine amabwerera ku neuron, neuron imamusandutsanso glutamate n'kudzaza m'timatumba tija. Zili ngati mabotolo obweza a zakumwa: akapanda kutoleredwa, pamalo pamadzaza ndipo kufakitale kumasowa podzazira.

Zikalakwika zimaoneka msanga. Mu 1997 Kohichi Tanaka ndi anzake ku Japan anapanga mbewa zopanda GLT-1. Zinkagwa khunyu zokha ndipo zambiri zinafa zisanakule. Pa sitiroko, magazi akasiya kufika, ATP amatha m'mphindi zochepa, sodiyamu amadzaza mkati, ndipo mapampu amaima kapena kubwerera m'mbuyo n'kumalavula glutamate. Ma neuron amamira mu kashiamu n'kufa.

Ntchito yachiwiri ndi potaziyamu. Neuron ikawombera uthenga imataya potaziyamu kunja. Mwachibadwa kunjako amakhala pafupifupi 3 mmol pa lita. Pa khunyu amakwera mpaka 10 kapena 12, ndipo akamakwera ma neuron amayamba kuwombera osatumidwa. Astrocyte imamumwa kudzera m'timakomo ta Kir4.1 ndi pampu ya sodiyamu ija, n'kumugawira kwa ma astrocyte anzake kudzera m'timipata towalumikiza, ta connexin 43 ndi 30. Ana obadwa ndi vuto pa gene ya Kir4.1, matenda amene anafotokozedwa mu 2009, amagwa khunyu, samva bwino, amadzandira poyenda, ndipo impso zawo zimataya mchere.

Ziwirizi palibe amakangana nazo. Mkangano uli pa yachitatu, yomwe ndi funso lanu lenileni. Mu 1990 Ann Cornell-Bell ndi Stephen Smith ku Yale anathira glutamate pa ma astrocyte a m'mbale ya mu labotale ndipo anaona kashiamu akukwera mkati mwa selo limodzi, kenako lina, ngati moto wa m'tchire. Mu 1994 gulu la Philip Haydon ndi Vladimir Parpura, komanso Maiken Nedergaard payekha, anaonetsa kuti kukwera kumeneku kumafika ku ma neuron oyandikira. Mu 1999 Alfonso Araque ndi anzake anapereka dzina: synapse ya mbali zitatu. Ife tingati ukwati ndi wa awiri, koma ankhoswe ali pakhonde. Sayankhira mawu alionse a m'nyumba, koma phokoso likakula amalimva, ndipo akalankhula zinthu zimasintha.

Ndondomeko yake ili motere. Astrocyte ili ndi ma receptor akeake a glutamate, ATP, acetylcholine ndi noradrenaline. Imodzi ikagwidwa, puloteni ya Gq imadzutsa enzyme ya phospholipase C, imene imapanga IP3. IP3 amatsegula khomo la IP3R2 pa nkhokwe ya kashiamu ya mkati mwa selo. Kashiamu akakwera, selo limatulutsa zinthu monga ATP, glutamate, D-serine kapena GABA. ATP akangotuluka amadulidwa n'kukhala adenosine, amene amakagwira receptor ya A1 pa neuron yotumiza n'kuichepetsa mawu. Liwiro lake ndi la birimankhwe: funde la kashiamu limayenda ma micrometre 10 mpaka 20 pa sekondi, kutanthauza pafupifupi mphindi imodzi kapena kupitirirapo pa milimita imodzi, pamene minyewa yothamanga imapitirira mamita 100 pa sekondi.

Mu 2010 gulu la Ken McCarthy ku North Carolina linachotsa IP3R2 m'mbewa, mafunde a kashiamu anazima, koma ma synapse ankagwira ntchito ngati palibe chachitika. Ambiri anati nkhani yatha. Pambuyo pake panaoneka zolakwika ziwiri pa kayezedwe. Choyamba, kafukufuku wambiri ankachitika m'mbale kapena pa ubongo wa tiana ta mbewa, ndipo mu 2013 zinadziwika kuti receptor ya mGluR5, imene ankaidalira kwambiri, imachepa mbewa ikakula. Chachiwiri, utoto wakale unkangoona kashiamu wa pakati pa selo. Zoyezera zatsopano zinapeza timoto ting'onoting'ono ta kashiamu kunsonga za nthambi, pafupi ndi ma synapse, ndipo tina timayakabe ngakhale IP3R2 palibe.

Pamene umboni walimba kwambiri ndi pa noradrenaline. Nyama ikadzidzimuka kapena kuyamba kuthamanga, noradrenaline amatuluka ndipo ma astrocyte a dera lalikulu amayaka pamodzi. Gulu la Misha Ahrens ku Janelia, malo a kafukufuku ku America, linaonetsa izi bwino mu 2019 pa tiana ta nsomba za zebrafish. Anatinyenga kuti tione ngati tikusambira koma osasuntha. Kulephera kulikonse kunkawonjezera kashiamu m'ma glia a mtundu wa astrocyte, mpaka atafika mlingo wina kansomba kankangosiya kusambira. Atatsekereza maselowo, tinsombato tinkapitirizabe kulimbana. Choncho pamayeso yankhani kuti astrocyte imawerengera zochitika pa masekondi ndi mphindi, n'kukweza kapena kutsitsa dera lonse.

FUNSO: Ndinawerenga kuti zimene timakumbukira zimasungidwa m'ma astrocyte, osati m'ma neuron. Ndiye kuti tinaphunzira zabodza?
Wophunzira wa pa yunivesite, Zomba

YANKHO: Simunaphunzire zabodza. Mutu wa nkhani umene munawerengawo unathamanga kuposa eni kafukufuku. Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo ubongo umatero: njira imene uthenga wadutsa mwamphamvu imakula. Mu 1973 Timothy Bliss ndi Terje Lømo, atayesa pa akalulu ku Oslo, analemba kuti njira ya mu hippocampus ikatakasidwa kwa masekondi ochepa, ma synapse ake amakhala olimba maola ambiri. Izi amazitcha LTP. Chitseko chake ndi receptor ya NMDA, ndipo chimafuna makiyi atatu nthawi imodzi. Woyamba ndi glutamate. Wachiwiri ndi woti neuron yolandira ikhale itatakasika kale, kuti magnesium wotseka pakhomo achoke. Wachitatu ndi D-serine kapena glycine. Atatuwa akakumana kashiamu amalowa, neuron imawonjezera ma receptor a AMPA, ndipo ulendo wina uthenga womwewo umamveka mokweza.

Astrocyte imalowerera pa kiyi wachitatu. Mu 2010 Christian Henneberger ndi Dmitri Rusakov ku London analowetsa kapaipi ka galasi mu astrocyte imodzi ya khoswe n'kumanga kashiamu wake kuti asakwere. Ma synapse a m'munda mwake analephera kupanga LTP, ndipo atathirapo D-serine zinabwerera. Ena anatsutsa kuti enzyme yopanga D-serine imapezeka kwambiri m'ma neuron, astrocyte imangopanga L-serine kuchokera ku shuga n'kupereka. Mkanganowu ulipobe. Koma kaya ndiyo imaphika, kaya imangobweretsa ufa, popanda iyo nsima palibe.

Njira yachiwiri imene astrocyte imalowererapo ndi chakudya. Ubongo ndi 2 peresenti ya kulemera kwa thupi koma umadya pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zake, ndipo kankhokwe kake ka shuga, glycogen, kali pafupifupi konse m'ma astrocyte. Mu 2011 gulu la Cristina Alberini ku New York linaphunzitsa makoswe kupewa chipinda chamdima chimene anawagwedezeramo ndi magetsi. Ena anawabaya mu hippocampus mankhwala a DAB, otseka nkhokwe ija. Patatha ola limodzi makoswewo ankakumbukira bwinobwino. Mawa lake anali ataiwala. Atawapatsa lactate, amene astrocyte imapanga kuchokera ku glycogen, kukumbukira kunabwerera. Koma atatseka MCT2, khomo limene lactate amalowera mu neuron, ngakhale lactate sanathandize. Onetsetsani apa: chinawonongeka ndi kusunga kwa nthawi yaitali, kumene kumafuna kuti neuron ipange mapuloteni atsopano. Kuphunzira kwenikweniko kunali bwino.

Ku Hebrew University ku Jerusalem, gulu la Inbal Goshen linabzala m'ma astrocyte a mbewa receptor yochita kupanga, imene imamvera mankhwala amodzi okha. Mu 2018 linapeza kuti kudzutsa ma astrocyte pa nthawi yophunzira kunkathandiza mbewa kukumbukira bwino mawa lake, pamene kudzutsa ma neuron mwachindunji kunkasokoneza kukumbukira. Chifukwa chake n'chakuti astrocyte inkakweza ma neuron okhawo amene anali kale pa ntchito, pamene kudzutsa onse kunali ngati kalasi yonse kuyankha pamodzi. Mu 2020 anagwira njira ina ya m'maselo omwewo, ndipo mbewa zinkakumbukira mawa lake koma patatha pafupifupi mwezi zinali zitaiwala, chifukwa uthenga wochoka ku hippocampus kupita ku cortex yakutsogolo sunayende.

Nkhani imene munawerengayo iyenera kuti inachokera pa kafukufuku wa 2024 wa gulu la Benjamin Deneen ku Baylor College of Medicine ku Houston. Anaika chizindikiro pa ma astrocyte ochepa amene anayaka pamene mbewa inkaphunzira mantha. Atawadzutsanso mbewa ili pamalo ena, inaima chilili ngati yakumbukira. Palinso wa 2013 ku Rochester, kumene Steven Goldman ndi Nedergaard anaika maselo obala ma glia a munthu mu ubongo wa mbewa zongobadwa kumene. Zitakula zinkaphunzira msanga kuposa zimene zinalandira maselo a mbewa zinzake.

Zonsezi za ma astrocyte zinachitika pa mbewa ndi makoswe a mu labotale, ndipo zambiri zikuyeza mantha. Mbewa youma ndi mantha ili kutali ndi wophunzira wokumbukira chaka chimene dziko linalandira ufulu. Ife tikuwerenga umboniwu motere: tsatanetsatane wa zimene mukukumbukira ali m'ma synapse a ma neuron, ndipo astrocyte ili ndi mawu pa zimene zilimbe ndi zimene zifufutike.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 19 anayamba kusuta chamba. Ukamutuma zinthu zitatu kumsika amabwera ndi chimodzi. Kodi ubongo wake wawonongeka?
Kholo, Kasungu

YANKHO: Chimene mukuonacho ndi kufooka kwa kukumbukira kwa kanthawi, kumene timasungira zinthu m'mutu pamene tikuzigwiritsa ntchito. THC, choledzeretsa cha m'chamba, amagwira receptor ya CB1. Mu 2012 magulu a Giovanni Marsicano ku Bordeaux ndi Xia Zhang ku Ottawa anachotsa CB1 m'ma neuron a mbewa, koma THC ankaziiwalitsabe. Atachotsa CB1 m'ma astrocyte, mbewa zinatetezeka. THC amachititsa astrocyte kutaya glutamate pa nthawi yolakwika, ndipo neuron imameza ena mwa ma receptor ake a AMPA, synapse n'kufooka. Ndi LTP yoyenda chafutambuyo.

Mwa anthu, kuiwala kotereku kumachepa kwambiri munthu akasiya kwa milungu ingapo. Nkhawa imakula kwa oyamba ali aang'ono ndi osuta tsiku ndi tsiku, chifukwa mbali yakutsogolo ya ubongo imakhwima munthu akamafika zaka za m'ma 25. Akangosiya yembekezerani kusowa tulo, kupsa mtima ndi kusafuna kudya kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Akayamba kumva mawu amene inu simukuwamva, kapena kukayikira kuti anthu akumulondalonda, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Bambo athu ali ndi matenda a chiwindi. Masiku ena amagona usana wonse, usiku n'kumayendayenda, ndipo nthawi zina satizindikira. Kuchipatala anatipatsa mankhwala otsegula m'mimba. Vuto lili m'mutu, nanga bwanji mankhwala a m'mimba?
Mwana wawo wamkazi, Mangochi

YANKHO: Achemwali, mankhwalawo ndi oyenera, musawasiye. Tizilombo ta m'matumbo tikamagaya mapuloteni timapanga amoniya. Chiwindi chabwino chimamusandutsa urea, amene amatuluka mu mkodzo. Chiwindi chikauma, kapena magazi akamachilambalala, amoniya amafika ku ubongo. Kumeneko womulandira ndi astrocyte, ndi enzyme ija ya glutamine synthetase. Glutamine amachuluka mkati, amakoka madzi, amawononga timagawo topanga mphamvu, ndipo selo limatupa. Astrocyte yotupa imalephera kutola glutamate ndi potaziyamu, ndipo ubongo wonse umayenda pang'onopang'ono. Ma neuron ambiri amakhala adakali amoyo, n'chifukwa chake bambo amabwerera m'maganizo masiku ena.

Mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri ndi lactulose. Amawawasa za m'matumbo kuti amoniya asalowe m'magazi, n'kumutulutsa ndi chimbudzi. Nthawi zambiri amayambira pa 15 mpaka 30 ml kawiri kapena katatu pa tsiku, koma muyezo weniweni ndi chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu pa tsiku. Chikachepa, mankhwala sakukwanira. Akamatsegula zamadzi kambirimbiri, madzi ndi mchere zimatha m'thupi ndipo kusokonezeka kumakula. Kauzeni adokotala achepetse.

Kusokonezeka kukabwera mwadzidzidzi, funani chimene chaputa: kudzimbidwa, kutentha thupi kapena kupweteka m'mimba, mowa, mankhwala okodzetsa opitirira muyezo, mankhwala ogonetsa monga diazepam, kapena kutaya magazi m'mimba. Chomalizachi chimaoneka ndi chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza magazi, ndipo m'madera a kunyanja likodzo la m'matumbo limachichititsa kawirikawiri. Chimenecho n'chothamangira kuchipatala. Kunyumba mungayese izi: atambasule manja ngati wapolisi woimitsa galimoto, zala zotanyula, kwa theka la mphindi. Manja akamagwa n'kudzuka ngati mapiko, poizoni wakwera.

Cholakwika chofala ndi kuwamana nsomba, nyemba ndi mazira. Minofu nayonso ili ndi glutamine synthetase ndipo imathandiza kuchotsa amoniya, choncho wodwala wowonda amasokonezeka kwambiri. Amafunika magalamu 1.2 mpaka 1.5 a mapuloteni pa kilogalamu ya thupi pa tsiku. Wa makilogalamu 60 ndiye magalamu 72 mpaka 90, ogawa m'zakudya zing'onozing'ono, ndi kena kake asanagone.

FUNSO: Mwana wanga anadwala malungo a mu ubongo ali ndi zaka 4 ndipo anachira. Patatha chaka wayamba kugwa khunyu. Achibale akuti ndi za anthu. Malungo anatha kale, khunyu lachokera kuti?
Mayi, Mchinji

YANKHO: Pepani amayi. Zimenezi n'zodziwika, ndipo umboni wina wabwino unapezeka konkuno. Mu 2010 Gretchen Birbeck ndi anzake analemba za ana a ku Blantyre amene anawatsatira atachira malungo a mu ubongo: 12 mwa 132 anayamba khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekezera nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Mu 2015 Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ubongo wa ana otere ndi makina a MRI ku Queen Elizabeth Central Hospital. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa 143 opulumuka anali 39.

Pamene ubongo unavulala, ma astrocyte amakula, amalukana n'kupanga chipsera. Chipseracho chili ndi ntchito, chimatchinga bala kuti lisafalikire. Koma astrocyte ya pachipsera imatha kufooka pa ntchito zake zakale. Mu 2004 Tore Eid ku Yale anayeza hippocampus yochotsedwa mwa anthu a khunyu losamva mankhwala ndipo anapeza kuti glutamine synthetase inali itatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Ena anapeza kuti timakomo ta potaziyamu tachepanso mphamvu. Ma neuron otsala nawonso amalumikizana mwatsopano. Kusinthaku kumatenga miyezi kapena zaka, ndiye chifukwa chake khunyu limatulukira malungo ataiwalika.

Khunyu si lopatsirana, ndipo ambiri, pafupifupi 7 mwa 10 alionse, amasiya kugwa akamamwa mankhwala oyenera tsiku lililonse. Osawadukiza, osawasiya mwadzidzidzi. Akagwa, mugonekeni chammbali, chotsani zoti zingamuvulaze, musaike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimuka. Yang'anani wotchi: kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Asakhale yekha pamoto, pachitsime kapena kumtsinje. Muwauzenso aphunzitsi ake, chifukwa ana ena otere amavutika kukhazikika m'kalasi ndipo amamenyedwa ngati amwano.

FUNSO: Pa intaneti akugulitsa makapisozi oti amadyetsa ma astrocyte kuti munthu asamaiwale. Ndigule?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Sungani ndalama zanu. Palibe kapisozi amene anatsimikizidwa mwa anthu kuti amachita zimenezo. Ngakhale mankhwala enieni analephera: mu 2005 Jeffrey Rothstein ku Johns Hopkins anapeza kuti ceftriaxone, jekeseni wa mabakiteriya wodziwika m'zipatala zathu, amachulukitsa GLT-1 m'makoswe. Atamuyesa pa anthu oposa 500 odwala ALS, matenda opha minyewa yoyendetsa minofu, sanathandize.

Chimene chili ndi umboni mwa anthu ndi tulo: zimene mwaphunzira masana zimakhazikika mukagona. Mbali ya astrocyte pamenepa akuifufuzabe. Gulu la Nedergaard linalemba mu 2012 kuti madzi a mu ubongo amatsuka zinyalala podutsa m'timakomo ta aquaporin-4 pa mapazi a astrocyte, ndipo mu 2013 kuti mipata ya pakati pa maselo imakula ndi 60 peresenti mbewa ikagona. Mu 2024 gulu la Nick Franks ku Imperial College London linayeza mwa njira ina n'kupeza kuti kutsukako kumachepa m'tulo. Adenosine, amene amaunjikana mukakhala maso nthawi yaitali n'kubweretsa tulo, wina amachokera ku ATP wa ma astrocyte, ndipo khofi ndi tiyi amatseka ma receptor ake. Thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuchotsa theka la caffeine wa mu khofi ndi tiyi, choncho kapu ya 4 koloko madzulo theka lake likadali m'magazi 9 koloko usiku.